Mankhwala oopsa pasukulu ndi pakhomo: zimene makolo ndi aphunzitsi a mu Lilongwe amafunsa

Sukulu yathu ndi ya pulaimale, ilibe labu. Nkhaniyi ikutikhudza bwanji?

Ikukukhudzani kwambiri. Tsegulani sitolo ya sukulu muone zimene zilimo: klorini wa ufa, mankhwala otsukira zimbudzi, penti, mankhwala opopera m'dimba la sukulu, batire ya sola yomwe inafa kalekale, nthawi zina ndi chigubu cha petulo. Pafupi pomwepo pali matumba a ufa wa phala la ana. Kusekondale kumawonjezeka asidi, spiriti ndi ma thermometer (zoyezera kutentha) okhala ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni. Pakhomo n'chimodzimodzi, kungoti palibe mphunzitsi wamkulu woti afunsidwe.

Pali lamulo, kapena ndi malangizo chabe?

Lamulo lilipo. Mankhwala ophera tizilombo, makoswe ndi udzu ali pansi pa lamulo la Pesticides Act la 2000, ndipo amawayang'anira ndi a Pesticides Control Board, omwe likulu lawo lili ku Bvumbwe. Mankhwala aliwonse otere ayenera kulembetsedwa asanagulitsidwe m'dziko muno, wogulitsayo akhale ndi chiphaso, ndipo chibotolo kapena paketi ikhale ndi lebulo. Nkhani ya zinyalala zoopsa ndi kuwononga madzi, nthaka ndi mpweya ili m'lamulo la Environment Management Act la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, kapena kuti MEPA. Lamuloli limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo, komanso udindo wowasamala. Kwa mlonda, wophika ndi wotsuka zimbudzi pali Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997. Womulemba ntchito ndiye ayenera kuteteza thanzi lake, choncho magolovesi ndi magambuti si mphatso ayi.

Nanga tameki amene timagula pamsika uja?

Musagule. Tameki weniweni ndi aldicarb, yemwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linamuika m'gulu la mankhwala oopsa kwambiri kuposa onse. Amagulitsidwa m'timapepala topanda dzina, ndipo wogula sadziwa ngati ndi iyeyo kapena china chosakaniza. Munthu amathira pa usipa kapena pa mkute, n'kuika kuseri kwa chitseko kuti khoswe adye. Koma pansi pomwepo ndi pamene mwana wokwawa amayenda, nkhuku ndi galu amadutsanso. Msampha, mphaka, kutseka mauna ndi kuvindikira chakudya zimatenga nthawi, koma sizinapherepo mwana.

Pogula mankhwala ena alionse, pitani kwa wogulitsa zaulimi wa chiphaso. Onani dzina la mankhwala, mlingo wake, tsiku lotha mphamvu ndi zizindikiro za ngozi, monga chigaza ndi mafupa opingasa. Akakuthirirani m'kabotolo kena kuti mugule pang'ono, kanani.

Chofunika kwambiri posunga n'chiyani?

Mankhwala asachoke m'chotengera chake. Apa ndi pamene ndikufuna tiimepo, chifukwa ngozi zambiri za ana zimayambira pa botolo. Mayi wagula parafini wa pang'ono, wogulitsa wamuthirira m'botolo la Fanta. Bambo wagawiridwa mankhwala a mbozi za m'chimanga ndi mnzake, waika m'botolo la Sobo, n'kulisiya pansi pa bedi. Mwana wa zaka ziwiri sawerenga, ndipo fungo silimuletsa. Amadziwa botolo lokha, kuti muli zotsekemera. Masana a mu Okutobala, ludzu litamugwira, amapiga kamodzi, basi zavuta. Ngakhale wamkulu amapusitsika mumdima.

Ndiye botolo la zakumwa lisungire zakumwa zokha. Mankhwala akhale m'kabati kapena m'bokosi lokhoma, pamwamba, kutali ndi ufa, mchere ndi madzi akumwa, kutalinso ndi moto. Lebulo ikayamba kufufutika, lembani dzinalo mwatsopano ndi chekeni tsiku lomwelo. Pasukulu, sitolo ya chakudya ndi ya mankhwala zikhale zipinda ziwiri. Ngati chipinda chili chimodzi, mankhwala ndiwo atuluke. Petulo wosungidwa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta asalowe m'nyumba yogona. Mpweya wake wokha umayaka ukafika pa mbaula kapena kandulo.

Chimanga chathu chikufumbwa. Tingaikemo mapiritsi aja?

Mapiritsi ofukizira chimanga ndi aluminium phosphide. Akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa phosphine, womwe umadutsa m'thumba wamba, n'kudzaza nyumba, ndipo ulibe mankhwala othetsa mphamvu yake m'thupi. Ndi ntchito ya akatswiri ofukiza, m'nkhokwe yotsekeka yomwe simugona anthu. M'nyumba za lendi za ku Kawale, Mtandire kapena Chinsapo, momwe matumba amakhala kuchipinda chomwe ana amagona, mapiritsiwa asalowemo. Kusukulu zogonera komweko, sitolo ya chimanga isagundane ndi hostelo. Gwiritsani ntchito matumba osalowa mpweya monga a PICS, kapena mankhwala a ufa monga Actellic pa mlingo wolembedwa pa lebulo.

Klorini si ndiye amatiteteza ku kolera?

Eya, ndipo tonse tikukumbukira Januwale wa 2023, pamene sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Kuyambira pamenepo zidebe za klorini zachuluka m'sukulu. Koma wa ufa uja amawotcha khungu ndi maso, ndipo amene alangizi a zaumoyo amagawa atasungunula ndi wothira pang'ono m'ndowa, osati womwa. Tsatirani mlingo umene iwo akuuzani. Musasakanize klorini kapena Jik ndi mankhwala ena otsukira zimbudzi poganiza kuti ziyera bwino. Akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wobanikitsa. Ndipo ntchito yosungunula klorini isapatsidwe kwa ana a sukulu, ngakhale a Sitandade 8.

Mwana wamwa mankhwala. Timupatse mkaka? Timusanzitse?

Ayi pa zonse ziwiri. Musamupatse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere, ndipo musamupise chala kukhosi. Parafini ndi petulo zikabwerera posanza zimalowa m'mapapo, pamene asidi amawotchanso kachiwiri njira yomwe wadutsa. Thamangani naye kuchipatala chapafupi, kaya ku Kamuzu Central, ku Bwaila kapena ku helofu senta ya m'dera lanu, ngakhale akuoneka bwinobwino. Tengani botolo kapena kapepalako, chifukwa dokotala akadziwa chimene chamwedwa amadziwa choti apereke. Wamwa tameki kapena mitundu yambiri ya mankhwala opopera m'dimba amatuluka dovu ndi thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kubanika, ndipo kuchipatala ali ndi jakisoni wa atropine wolimbana nazo. Panjira mugonekeni chammbali.

Akathiridwa pathupi, muvuleni zovalazo n'kumusambitsa ndi madzi ambiri ndi sopo. M'maso, tsirani madzi oyera osalekeza kwa mphindi 15 kapena 20, kenako chipatala.

Mu labu mwasweka thermometer. Tisese?

Tsache limamwaza mercury kukhala timadontho tosaoneka. Tulutsani ana, tsegulani mawindo, valani magolovesi, sonkhanitsani timadonthoto ndi kakatoni n'kutsekera m'botolo lolembedwa. Kwa aphunzitsi a sayansi: posungunula, asidi ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi.

Zotsala ndi zotha ntchito titaye kuti?

Osati m'ngalande, m'chimbudzi, pafupi ndi chitsime, kapena mu mtsinje wa Lilongwe ndi Lingadzi, momwe anthu akumunsi amachapa ndi kuthirira ndiwo zomwe timagula tomwe. Chibotolo cha mankhwala a m'munda chitsukuluzidwe katatu, madziwo athiridwe mu sipuleya, kenako chibooledwe kuti wina asadzatungire madzi kapena kusungiramo mchere. Batire ya galimoto kapena ya sola ili ndi mtovu ndi asidi. Mtovu umawononga ubongo wa mwana ndipo nzeru zotayikazo sizibwerera, choncho musaiphwanye pakhomo, ibwezeni kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akale. Zakuda za m'mabatire a tochi zisapakidwe pa bolodi ndi manja a ana.

Mankhwala a mu labu otha nthawi, kapena omwe lebulo yake inatayika, musawaponye m'bini yopita kumtaya wa ku Area 38, komwe anthu amatola zinthu ndi manja. Atsekereni pamalo amodzi, lembani mndandanda wake, ndipo mphunzitsi wamkulu alembere ofesi ya maphunziro, khonsolo ya mzinda ndi MEPA kupempha njira yowachotsera. Dzenje la zinyalala la pasukulu nalo lisamayatsidwe muli mapulasitiki ana ali m'kalasi, utsi wake ndi poizoni.

Kiyi asunge ndani?

Mphunzitsi mmodzi wodziwika ndi dzina, ndi wina womugwirizira akachoka. Pakhale kope lolembamo chimene chalowa, chimene chatuluka ndi amene watenga. Teremu iliyonse ikamayamba, a komiti ya sukulu ndi a PTA alowe m'sitolomo ndi kopelo m'manja, awerenge okha mabotolo. Kholo lililonse lili ndi ufulu wofunsa pamsonkhano kuti ufa wa phala ukusungidwa pamodzi ndi chiyani.