Zaka zawonjezeka ku China, nanga thanzi la okalamba?

Cha m'ma 1949, mwana wobadwa ku China ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 35 zokha. Boma la dzikolo linalengeza kuti pofika 2024 chiwerengerochi chinali chitafika pa 79. Ndi ntchito yotamandika. Koma ife azaumoyo tikamva zimenezi timafunsanso kuti: pa zaka zonsezo, ndi zingati zomwe munthu amasamba yekha, kuvala yekha, kupita kumsika ndi miyendo yake?

Pofuna yankho, akatswiri amatenga zaka zonse zomwe munthu akuyembekezeka kukhala n'kuchotsapo zomwe zimadyedwa ndi matenda ndi ulumali, malinga ndi kukula kwa vutolo. Zotsalazo ndiye zaka zathanzi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2016 Mtchaina ankayembekezeka kukhala zaka 76.4, koma zathanzi zinali 68.7. Apa China inaposako pang'ono America, yomwe inali pa 68.5, ndipo nyuzipepala zinachita nazo phokoso. Ine chimene chimandikhudza ndi zaka pafupifupi 8 zotsalirazo, chifukwa China ili ndi anthu oposa 300 miliyoni a zaka 60 kupita m'tsogolo. Amayi ndiwo amakhalitsa kuposa abambo, ndipo ndiwonso amatha nthawi yaitali akudwala.

Mdani wamkulu ndi sitiroko. Imapha anthu ambiri ku China, koma ochulukanso imawasiya amoyo, mbali imodzi itafa: mkono uli lende, mwendo ukukokedwa, supuni ya phala ikuchita kuwapeza pakamwa. Munthu atha kukhala chonchi zaka khumi. Gwero lake kawirikawiri ndi BP yosasamalidwa, fodya amene pafupifupi theka la abambo amasuta, ndiponso mchere. Atchaina amadya mchere wowirikiza kawiri magalamu 5 patsiku omwe WHO imalimbikitsa, makamaka kumpoto komwe anazolowera ndiwo zosungidwa mumchere podikira nyengo yozizira.

N'chifukwa chake ndimaukonda kafukufuku wina yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2021. M'midzi 600 ya kumpoto kwa China akatswiri anatenga anthu pafupifupi 21,000, omwe anadwalapo sitiroko kapena okalamba a BP. Midzi ina anaipatsa mchere wosakaniza, magawo atatu mchere wamba, gawo limodzi potaziyamu. Ina inapitiriza ndi mchere wa masiku onse. Sanauze munthu kuti asiye chakudya chake. Anangosintha za m'botolo la pambali pa mbaula. Patatha zaka pafupifupi zisanu, sitiroko inali itachepa ndi 14 pa 100 alionse m'midzi ya mchere wosakanizawo, imfa nazonso zinatsika. Chenjezo lilipo: wodwala impso, kapena amene akumwa mankhwala osunga potaziyamu m'thupi, asauyambe mcherewu asanaonane ndi dokotala.

Nanga amene agona kale pamphasa awasamala ndani? Lamulo la mwana mmodzi, lomwe linagwira ntchito kuyambira cha m'ma 1980 mpaka 2015, lasiya mabanja ambiri pomwe mwamuna ndi mkazi akuyang'anira makolo anayi kwinaku akulera wawo. Kumudzi n'kovutirapo, poti anawo anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Shenzhen kapena Dongguan, amabwera kamodzi pachaka. Mzinda wa Qingdao unayamba mu 2012 inshulansi yolipirira chisamaliro cha okalamba osatha kudzithandiza. Boma linaiyesa m'mizinda 15 mu 2016, kenako 49 mu 2020. Ndi yofunika, koma imafika ziwalo zitafa kale.

Ndiye kuyambira Januwale 2025 China yayamba kukweza pang'onopang'ono zaka zopumira pantchito, abambo kuchoka pa 60 kufika pa 63. Kwa wa muofesi ku Shanghai zitheka. Nkhawa yanga ili pa mmisiri womanga nyumba wochokera ku Henan, wa zaka 58, wosuta, yemwe sanapimitsepo BP. Boma likufuna amuwonjezere nthawi ya ntchito. Liyambe lamufikira ndi makina opimira ndi mapiritsi otchipa a BP akadali ndi manja onse awiri.