Si zoona kuti mtsempha wa mwendo ukavulala suchira

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti munthu akayamba kukoka phazi chifukwa cha kuvulala kwa mtsempha, ndiye kuti walumala mpaka kalekale, ndipo ndatopa nawo mawu amenewa chifukwa amagwetsa anthu ulesi wopita kuchipatala.

Mtsempha umene umavulala kawirikawiri ndi wonyamula mauthenga opita ku minofu yodzutsa phazi, ndipo umadutsa pafupi ndi khungu kunja kwa mwendo, mmunsi pang'ono mwa bondo. Ukapanikizika ndi chikhakha chothina chomangira fupa lothyoka, kunjuta nthawi yaitali kapena kusanjikiza miyendo, phazi limalendewera, zala zimakhula pansi, pamwamba pa phazi pamachita dzanzi, ndipo munthu amakweza bondo kwambiri poyenda kuti asapunthwe. Ngati unangopanikizika, nthawi zambiri umachira m'masabata kapena miyezi ingapo. Ngati ulusi wake wamkati unawonongeka, umameranso pang'onopang'ono, pafupifupi milimita 1 patsiku, n'chifukwa chake ambiri amataya mtima msanga. Woduka kotheratu umafuna opaleshoni, ndipo ena sachira bwinobwino.

Kuti mudziwe zoona, yesani kuyenda ndi zidendene, ndipo phazi likakanika kudzuka, funsani dokotala, amene angathe kupima mmene mtsemphawo ukutumizira mauthenga. Ngati dzanja lafookanso kapena kamwa lapotoka mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala, poti mwina ndi sitiroko. Chonde, musauze wodwala kuti sadzachira pomwe sanapimidwe n'komwe.