Windlass ikayamba kulira, musangoipopera mafuta

Mawu omwe andikwana pa ntchito yanga yokonza makina a m'maboti ndi awa: "Bambo, imalira choncho kuyambira kale, koma imakokabe." Mwini boti akatero amakhala akunena windlass, makina aja okokera nangula. Kukokako sikutanthauza kuti ili bwino. Windlass yabwino imangong'ung'udza motsika, tcheni n'kumalowa mwadongosolo. Phokoso lina lililonse lili ndi gwero lake, ndipo khutu limathandiza kulipeza musanagwire sipanala.

Ikangoti "tha! tha!" mota osazungulira, ndi solenoid, swichi yomwe imapititsa magetsi ku mota, ikuyesa kulumikiza koma magetsi sakufika okwanira. Mota wa 1000W pa batire la 12V amakoka ma amp oposa 80, ndiye kadzimbiri kobiriwira pa mutu wa waya n'kokwanira kumufooketsa. Yezani magetsi pa mota penipeni pamene akukoka, osati pa batire. Akatsika kuposa 10 peresenti, tsukani polumikizira monse musanathamangire kugula mota watsopano. Ndipo injini ya boti izikhala ikulira nthawi yonse yomwe mukukoka nangula.

Kulira kotsetsereka ngati khoswe, tcheni osasuntha, nthawi zambiri ndi kilachi ikuterereka. Imeneyo ndi ntchito ya ola limodzi: kumasula, kupukuta mchere ndi mchenga, kupaka girisi pang'ono monga buku lake likunenera, kumanganso.

Tcheni ikamadumpha n'kumamenya pa gudumu la mano lija lotchedwa gypsy, yambani mwasuzumira mosungira tcheni, mwina yangounjikana mpaka kutseka bowo, kapena yapotana. Koma ngati munagula tcheni yatsopano posachedwa, vuto likhoza kukhala limenelo. Anthu amaganiza kuti tcheni ya 10 mm ndi 10 mm basi. Ayi. Ya muyezo wa DIN 766 mfundo zake zimatalikirana 28 mm, ya ISO 30 mm. Mamilimita awiri okhawo amachititsa kuti mfundo zisakhale bwino m'mano. Wina akakuuzani kuti apale manowo ndi girayinda kuti tcheni ikwane, mukaneni.

Phokoso lomwe limandisowetsa tulo ndi la kukukuta, ngati mwala ukuperedwa mkati. Amenewo ndi magiya kapena ma bearing. Windlass imakhala pomwe mafunde amamenya tsiku lililonse, ndipo seal ya pa shafuti, kamphira kotchinga madzi, ikatha, madzi amatsikira m'bokosi la magiya. Tsegulani muone mafuta. Akaoneka oyera ngati mkaka, madzi alowa kale.

Bambo wina anabwera kwa ine ndi phokoso lomweli. Ndinaviika chala m'mafuta, chinatuluka ndi timafufuzi tonyezimira ta chitsulo chachikasu cha giya. Ndinamuuza kuti tisinthe seal ndi ma bearing. Anati ali ndi ulendo, adzabwera akabwerako. Ali uko, breaker, swichi yomwe imadula magetsi akachuluka, inayamba kuzima yokha chifukwa mota ankavutika. Anapeza munthu wodzitcha makaniko padoko, amene anapopera mafuta a m'kachitini pamwamba, n'kuchotsa breaker ija n'kuikapo yaikulu. Phokoso linachepa masiku awiri. Usiku wina mphepo inasintha, nangula anayamba kukhukhuluzika, boti likulunjika ku miyala. Atadina batani, magiya anagwirana, mawaya anayamba kununkha kupsa. Mwana wake wamwamuna anagwira tcheni ndi manja mumdima. Funde litanyamula boti, tcheni inathamanga n'kumupana zala ziwiri pa gypsy. Boti linapulumuka, zala sizinabwerere.

Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chomwe ndinalankhulira mofatsa tsiku lija. Ndinanena ngati ndi nkhani yoti ingadikire. Ndikanamuuza mosabisa kuti asachoke padoko.

N'chifukwa chake nkhani ya breaker ndimaikalipira. Ikamazima, ikugwira ntchito yake. Ikukuuzani kuti mota akukoka magetsi opitirira zomwe mawaya angapirire. Woika yaikulu, kapena wolumphitsa ndi waya, wachotsa chokhacho chomwe chimaletsa moto m'boti. Munthu wotero asakhudzenso boti lanu.

Koma magiya ambiri omwe ndasintha anawapha eni ake. Windlass inapangidwa kuti inyamule nangula ndi tcheni yake, osati kukoka boti lonse molimbana ndi mphepo. Yendetsani boti ndi injini pang'onopang'ono mpaka lifike pamwamba pa nangula, windlass izingotolera tcheni yolendewera. Nangula akakanirira pansi, tsekani tcheni pa chogwirira chake, boti ndi mafunde zimuzule. Mukaima pa nangula, kolani tcheni ndi chingwe cha nayiloni chomangidwa pa cleat, chitsulo chomangirapo zingwe m'boti, kuti kugwedeza konse kuthere pamenepo. Kugogoda komwe ena amamva usiku kutsogolo kwa boti ndi mano a magiya akulandira nkhonya ya funde lililonse.

Onaninso mabawuti omangira windlass pansi. Akakhwepa, makina onse amanjenjemera, ndipo pomwe bawuti ya stainless yakumana ndi aluminiyamu pamatuluka ufa woyera, chizindikiro choti chitsulo chikudyeka. Musanaike dzanja pafupi ndi gypsy, ngakhale kungochotsa udzu wam'madzi, zimitsani breaker ndipo uzani aliyense ali m'boti kuti asaiyatse.