Malire a Munda pa Kompyuta: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Nkhotakota

Lamulo la Customary Land Act la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, limalola munthu, banja kapena gulu kulembetsa malo a m'manja mwa mafumu n'kulandira chikalata cha umwini. Chikalatacho chimayendera limodzi ndi mapu, ndipo mapu a masiku ano amapangidwa ndi GIS.

Kodi GIS n'chiyani?

Ndi njira yosungira mapu m'kompyuta pamodzi ndi mbiri ya chinthu chilichonse chojambulidwapo. Mjigo umalowa ngati kadontho, msewu wa M5 kapena mtsinje wa Bua ngati mzere, munda ngati mzere wozungulira wotsekeka. Mukadina pa mundawo pamatuluka dzina la mwini, mudzi, gulupu ndi kukula kwake. Zinthuzi zimasanjidwa m'magulu osanjikizana: pansi chithunzi cha setilaiti, pamwamba pake misewu, kenako minda. N'chifukwa chake munda wolowerera m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota umaonekera pompo malire a nkhalangoyo akaikidwa pamwamba.

Nanga foni yanga ili ndi GPS, sindingayeze ndekha?

Kuti mungodziwa kukula kwa munda pogula feteleza, yezani. Koma pa nkhani ya malire musaikhulupirire. Chipangizo cha GPS chimafuna uthenga wa masetilaiti osachepera anayi kuti chidziwe pamene chili, ndipo foni, ngakhale pamtetete, imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5. Pansi pa mtengo wamango kapena pafupi ndi denga la malata imaphonya koposa apo, poti uthenga wa setilaiti umatchingika kapena kunjanja usanafike pa foni.

Mamita 5 amaoneka ochepa, koma tawerengani. Ekala imodzi ndi pafupifupi mamita 64 m'litali ndi 64 m'lifupi. Foni ikaonjeza 5 uku ndi 5 uku, mwapeza 69 ndi 69, kutanthauza masikweya mita oposa 600 amene si anu. Mizere ingati ya chinangwa ya mnansi wanu imeneyo! Zida za akatswiri oyeza malo zimagwira ntchito ziwiriziwiri, china chokhazikika pamalo odziwika kale, china choyenda nacho, ndipo zimangophonya ndi masentimita ochepa.

Tsiku loyenda m'malire pamafunika ndani?

Mwini malo, onse ochita naye malire, a komiti ya za malo ndi oyeza. Komitiyi imatsogoleredwa ndi a gulupu, ndipo ili ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu mwa iwo amayi. Lambulani malire kusanafike tsikulo, ngodya iliyonse ioneke, kaya ndi chulu, khonje kapena mwala. Tengani chitupa cha unzika kuti dzina lilembedwe monga lilili pa chitupacho. Ngati mukulembetsa ngati banja, nenani pomwepo mayina onse alowe.

Kompyuta sidziwa malire. Imasunga pamene munthu waloza, basi. Mukatuma mwana wosadziwa pamene agogo anadulira, cholakwa chakecho chidzatuluka pa mapu chooneka bwino ngati choona.

Chimalakwika kawirikawiri n'chiyani?

Choyamba, kudumpha ngodya. Kompyuta imalumikiza madontho ndi mzere wowongoka, ndiye ngati malire akhota pa chulu koma pachulupo sanaimepo, kachigawo konse kokhotako kapita kwa mnzanu. Onetsetsani kuti aima paliponse pamene malire atembenuka. Chachiwiri, minda iwiri yoyandikana kuyezedwa masiku osiyana, wina kuloza apa, wina apo. Pa kompyuta imakwerana kapena kusiya kampata kopanda mwini. Mankhwala ake ndi kuyenda limodzi, mzere umodzi utumikire minda yonse iwiri. Pali vutonso la chithunzi chakale, chosonyeza tchire pamene pali nyumba. Funsani chaka chimene chinajambulidwa.

Mapu ndi mayina zikaonetsedwa poyera, pitani mukaone nokha. Mkangano ukakanika pamudzi umapita ku bwalo la milandu ya malo lotsogoleredwa ndi mfumu yaikulu.

Bwanji nambala za pa mapu akale sizigwirizana ndi za GPS?

Pa mapu, dziko lapansi linagawidwa m'zigawo zowerengera nambala zosonyeza pamene malo ali. Malawi ali m'chigawo cha UTM 36 South, koma mapu ambiri akale a boma anawerengedwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pamene GPS imagwiritsa maziko otchedwa WGS 84. Mukasakaniza ziwirizi osasintha, malo amodzi omwewo amasuntha ndi mamita oposa 100. Polandira nambala za malo kwa aliyense, funsani kuti zili pa maziko ati.

Malire anga ndi mtsinje, nditani?

Apa m'pofunika kusamala kwambiri. Mtsinje umasamuka, ndipo amene anaona madzi osefukira a ku Dwangwa mu 2024 akudziwa. Nyanja nayo imakwera ndi kutsika, chimodzimodzi m'mbali mwa Chia. Nambala za GPS sizisuntha ndi madzi, zimasunga pamene gombe linali tsiku loyezalo. Dziwaninso kuti madambo, malo odyetsera ziweto ndi njira za kumadzi ndi za mudzi wonse, sizilowa m'chikalata cha munthu mmodzi.

Wachinyamata wofuna kuphunzira ayambire pati?

QGIS ndi pulogalamu yaulere ya GIS ya pa kompyuta, ndipo OpenStreetMap imalola aliyense kujambula misewu, masukulu ndi mijigo ya kwawo pa intaneti. Yambani ndi bwalo la mpira la pasukulu: tengani ngodya zinayi ndi foni m'mawa, mubwereze madzulo, muike zonse mu QGIS, kenako muyeze kutalikirana kwa madonthowo n'kuyerekeza ndi tepi.