Chenjezo la zaumoyo: musadzibaye mankhwala a ma peptide ogula pa intaneti

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pakuyenda malonda a timabotolo ta mankhwala otchedwa ma peptide, ndipo ogulitsa akukopa kwambiri ophunzira amene akukonzekera mayeso komanso anthu ofuna kuchepetsa thupi. Iwo akumati mankhwalawa ndi achilengedwe, thupi limapanga kale ofanana nawo, choncho sangavulaze munthu. Ife azaumoyo maganizo amenewa ndi amene akutidetsa nkhawa, chifukwa akuchititsa anthu kulephera kusiyanitsa magulu awiri a mankhwala amene ndi osiyana kwambiri.

Ma peptide ndi tizigawo ting'onoting'ono ta mapuloteni, ndipo ambiri amagayidwa m'mimba munthu akamwa, n'chifukwa chake amaperekedwa pobaya. Gulu loyamba limagwira ntchito ngati mahomoni. Insulin, amene anapezedwa ku Toronto mu 1921, amatsitsa shuga m'magazi. Oxytocin ndi jakisoni amene azamba amabaya mayi akangobereka kuti chiberekero chikungike ndipo asataye magazi ambiri. Semaglutide, wodziwika ndi dzina la Ozempic, anavomerezedwa ku America mu 2017 kwa odwala shuga ndipo amabayidwa kamodzi pa sabata. Mankhwalawa anayesedwa pa anthu ambiri kwa zaka, mlingo wake ndi wodziwika, ndipo ntchito yake imaoneka: namwino amabaya chala, kuika dontho la magazi pa kamakina, nambala ya shuga n'kutuluka pomwepo. Komatu ngakhale ndi ovomerezeka, amapha akagwiritsidwa ntchito molakwika. Insulin wochuluka amakomola munthu, ndipo oxytocin woperekedwa mosasamala mwana asanabadwe angathe kung'amba chiberekero. Ngati zinthu zimene thupi limapangadi zili zoopsa chonchi, mawu akuti zachilengedwe sizivulaza ndi bodza.

Gulu lachiwiri ndi la amene amati amanola ubongo. Semax ndi Selank anapangidwa ku Russia ndipo kumeneko amagwiritsidwa ntchito ngati madontho a m'mphuno, koma mabungwe oona za mankhwala ku America ndi ku European Union sanawavomereze. Cerebrolysin amapangidwa ku Austria kuchokera ku ubongo wa nkhumba, ndipo akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika kafukufuku wa odwala sitiroko sanapeze umboni womveka woti amapulumutsa miyoyo. Palibe umboni wodalirika woti munthu wathanzi amakumbukira bwino za m'kalasi chifukwa cha mankhwalawa, ndipo palibe kamakina koyezera ngati akugwira ntchito. Wogula amangodalira mawu a wogulitsa. Timabotolo tambiri ta pa intaneti timalembedwa kuti ndi ta kafukufuku wokha osati ta anthu, zimene zikutanthauza kuti wopangayo wasamba m'manja pa chilichonse chimene chingakuchitikireni.

Choopsa chachikulu n'chakuti simungadziwe chimene chili m'botolo. Mu 2023 ku Austria anthu anagonekedwa m'chipatala shuga wawo atatsika kwambiri atadzibaya Ozempic wachinyengo amene amaganiziridwa kuti munali insulin, ndipo mu June 2024 bungwe la WHO linachenjeza za semaglutide wachinyengo wopezeka ku Brazil, United Kingdom ndi America. Wophunzira amene wagula ufa woyera m'kabotolo kopanda nambala ya fakitale, n'kuusungunula yekha m'chipinda chogona, angathe kudzibaya homoni akuganiza kuti akunola mutu. Ngakhale mankhwala obwera ndi m'bale wochokera ku Johannesburg kapena ku London si otetezeka ngati sanadzere kwa dokotala ndi ku famase yovomerezeka.

Munthu akadzibaya kenako n'kuyamba kutuluka thukuta lozizira, kunjenjemera, kumva njala yaikulu, kulankhula zosokonekera kapena kukomoka, zimene zingasonyeze kuti shuga watsika, musadikire kuti kuche. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mpatseni madzi a shuga, kenako thamangirani naye kuchipatala. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mgonekeni chammbali ndipo pezani galimoto msanga. Tengani botolo ndi jakisoni amene anagwiritsa ntchito. Tikupempha makolo ndi anzake kuti asabise chifukwa cha manyazi kapena kuopa kudzudzulidwa, poti shuga akatsika kwa nthawi yaitali ubongo umawonongeka, ndipo dokotala akadziwa chimene munthu wabaya amathandiza mofulumira.

Odwala shuga musasiye insulin kapena mapiritsi anu chifukwa wina wakulonjezani peptide wachilengedwe. Aliyense amene wakumana ndi wogulitsa mankhwala otere m'Malawi adziwitse bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kapena chipatala chimene ali nacho pafupi.