Musagule kamera chifukwa cha ma megapixel okha

Wogulitsa makamera amathamangira kukuuzani za ma megapixel. Koma nambala imeneyi imangonena kuchuluka kwa timadontho timene timapanga chithunzi. Kamera ya ma megapixel 24 imatulutsa timadontho 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Chithunzi chodzaza pepala la A4, pa muyezo wa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) umene osindikiza amatsata, sichifuna ngakhale ma megapixel 9. Ndiye 24 ndi okwana mpaka kutsala.

Choyamba kufunsa ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa lenzi. Ya full frame ndi mamilimita 36 kwa 24. Ya APS-C, pa Nikon ndi Sony, ndi pafupifupi 23.5 kwa 15.6, ndipo ya Canon ndi yocheperako pang'ono. M'tikamera tambiri ta m'thumba muli sensa ya mamilimita 6 kwa 4.5 basi. Mukapanikiza timadontho tochuluka pa malo aang'ono chonchi, kadontho kalikonse kamalandira kuwala kochepa, ndipo chithunzi chojambula madzulo kapena m'tchalitchi chimaoneka ngati achiwaza mchenga. N'chifukwa chake foni ya Samsung Galaxy S20 Ultra ya 2020, ngakhale ili ndi ma megapixel 108, imaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi n'kutulutsa chithunzi cha ma megapixel 12.

Lenzi ndiye imene ambiri amainyalanyaza, chonsecho sensa imangolandira chimene lenzi yaipatsa. Yang'anani nambala ya f: ikachepa, khomo lolowera kuwala limakula. Lenzi ya 18-55mm (nambala ya mm ikakwera, lenzi imakokera zinthu pafupi) imene imabwera ndi kamera, mukaikokera pa 55mm, nthawi zambiri imathera pa f/5.6. Ya 50mm f/1.8, yomwe si yodula kwenikweni, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Kwa wojambula maukwati m'holo, kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kwa ma megapixel 24 ndi 45. Kumbukiraninso kuti pa APS-C lenzi ya 50mm imaona mopanikiza ngati ya pafupifupi 75mm pa full frame, moti m'chipinda chaching'ono gulu la anthu silikwanamo.

Poyerekeza makamera awiri, matani tsamba la nyuzipepala pakhoma, ikani kamera pa tebulo kuti isagwedezeke, mujambule pa f/5.6 kapena f/8 ndi ISO 100 (ISO ndi nambala imene mumaikweza pojambula pamalo a kuwala kochepa). Bwerezani pa ISO 3200. Zithunzizo muzionere pa kompyuta mutazikulitsa kufika pa 100%, osati pa kasikirini ka kamera, kamene kamakometsa chilichonse. Werengani zilembo za pakati, kenako za m'makona: lenzi yofooka imaonekera m'makona. Musatseke khomo kupitirira f/11 poyesa, chifukwa kuwala kukamadutsa pa kabowo kakang'ono kamamwazika, chithunzi n'kuyamba chimbuuzi pa kamera iliyonse.

Ngati lenziyo ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, ichotseni pa kamera, muunike mkati ndi tochi ya foni. Kafumbi kochepa si vuto. Timizere tonga ukonde wa kangaude ndi chuku chobwera ndi chinyontho, ndipo chikadya utoto wa pagalasi, kupukuta sikuthandizanso.