Njinga siyiyenda moyang'anizana ndi magalimoto ayi

Anthu ambiri, makamaka a kabaza ndi ogulitsa makala, amati ukamapalasa njinga uziyenda kudzanja lamanja kuti uziona galimoto ikubwera kutsogolo. Abale izi nzabodza ndipo zatha anthu. Langizo limenelo ndi la oyenda pansi. Njinga ikakhala pamsewu imatsata malamulo omwewo a galimoto, ndipo kuno ku Malawi timayenda kumanzere basi.

Tangoganizani, minibasi ikuthamanga makilomita 80 pa ola mumsewu wa M1, inu mukupalasa 15. Ikakhala kumbuyo kwanu ikukuyandikirani pa 65, dalaivala ali ndi kampata kochepetsa liwiro nkudikira kuti akupitirireni bwinobwino, koma mukayang'anizana ndiye ndi 95, nthawi yoponda mabuleki palibe, mungothawira kumphepete komwe phula linadyeka kalekale ndipo ndi matumba atatu amakala pakaliyala simungakhote msanga, mugwa basi.

Pamphambano ndiye poopsa zedi. Dalaivala wotuluka mukamsewu kukhotera kumanzere maso ake amakhala kumanja komwe magalimoto akuchokera, inu mwatulukira mbali yomwe sakuyang'anako nkomwe.

Nchifukwa chake apolisi apamsewu ndi a Road Traffic akamaphunzitsa magulu a kabaza amabwereza zomwezi, yendani kumanzere, mabuleki azigwira, usiku nyali yoyera kutsogolo, chonyezimira chofiira kumbuyo komanso jekete lowala lija. Mantha oti andigunda chakumbuyo ndi omveka ndithu, koma mankhwala ake nkuoneka patali, nkumanga kagalasi pa handulo kuti muziona zakumbuyo, mukafuna kukhota mutambasule mkono nthawi ikadalipo.